Kusankha zida za kompyuta yosewerera magemu pamene ndalama zili zochepa: mafunso ndi mayankho

Mayankho awa ndi a munthu amene akufuna kudzimangira kompyuta ya pakatikati, yotha kuyendetsa magemu atsopano bwinobwino, koma ndalama zake n'zowerengeka ndipo sakufuna kugula chinthu kawiri.

Ndiyambire pati posankha zida?

Yambirani pa monita ndi pa magemu amene mudzasewere. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ibwere pambuyo. Monita ya 1080p ili ndi timadontho 1920 mopingasa ndi 1080 motsika, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. Ya 1440p ili ndi 2560 mopingasa ndi 1440 motsika, pafupifupi 3.7 miliyoni. Ndiye kuti graphics card (khadi yojambula zithunzi za pa monita) imodzimodziyo mukaisamutsira pa 1440p, timadontho toti ijambule timachuluka ndi magawo pafupifupi 78 pa 100 alionse. Ya 4K ndi kanayi ka 1080p, ndipo pa bajeti yochepa ingoiiwalani.

Magemunso sadya mofanana. Counter-Strike 2, Valorant ndi League of Legends safuna graphics card yamphamvu kwenikweni. Amene amasewera amenewa amafuna mafelemu (zithunzi zosinthana pa sikirini) ambiri pa sekondi, 144 kapena kuposa, ndipo apo purosesa ndiyo imatopa msanga. Cyberpunk 2077, Alan Wake 2 ndi Hogwarts Legacy amalemetsa graphics card. Lembani magemu atatu amene mumawafuna kwambiri, mudziwe monita yanu, kenako muyambe kusankha.

Ndalama ndizigawe bwanji?

Pa ndalama za kompyuta yeniyeniyo, osawerengera monita, kiyibodi ndi mausi, graphics card itenge gawo lalikulu kuposa china chilichonse, kuyambira limodzi mwa magawo atatu mpaka kuyandikira theka. Purosesa, motherboard (bolodi lolumikizapo zida zonse) ndi RAM (memore yosunga zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo) zigawane gawo lotsatira. Power supply, chida chopereka magetsi ku zida zonse, ikhale yabwino ndithu ngakhale siwonjezera felemu n'limodzi lomwe. Zotsala ndiye za SSD, yosungira mafayilo, ndi kesi, bokosi loikamo zonse.

Kulakwitsa kofala n'kugula purosesa yapamwamba ndi motherboard yokongola, kenako n'kupeza kuti zotsala zikungokwanira graphics card yofooka. Kompyuta yotere imatsegula mapulogalamu mwachangu koma m'gemu imagonja kwa ina yotchipa imene ili ndi purosesa wamba ndi khadi yamphamvu. Magetsi okongoletsa, mafani owala mitundumitundu ndi zoziziritsira zamadzi zidikire kaye.

Graphics card iti ndi yoyenera?

Pa 1080p, makhadi ngati Radeon RX 6600 ndi RX 7600 a kampani ya AMD, kapena GeForce RTX 3060, RTX 4060 ndi RTX 5060 a kampani ya Nvidia, amakwanitsa. Pa 1440p yang'anani RX 6700 XT, RX 7700 XT, RX 7800 XT, kapena RX 9060 XT ndi RTX 5060 Ti za 16GB. Intel Arc B580 ili ndi memore ya 12GB ndipo imachita bwino pa ndalama zake, koma imadalira kwambiri Resizable BAR, njira yolola purosesa kufikira memore yonse ya khadi nthawi imodzi, choncho pa motherboard yakale imene ilibe zimenezi mphamvu yake imatsika moonekeratu.

Dzina lokha lisakunyengeni. RTX 3060 ilipo ya 12GB ndi ya 8GB, ndipo ya 8GB sinangochepetsedwa memore yokha: njira yake yodutsira deta ndi ya mabiti 128 m'malo mwa 192, kotero ndi yochedwerapo ngakhale pabokosi palembedwa dzina lomwelo. RX 6500 XT kawirikawiri imakhala ndi 4GB basi ndipo imagwiritsa ntchito mizere 4 yokha ya PCIe, njira yolumikizira khadi ku motherboard, ndiye pa motherboard ya PCIe 3.0 imabanika. Imeneyo sitingakulangizeni.

Za kampani yosonkhanitsa khadi, kaya ndi Asus, MSI, Gigabyte, Sapphire kapena ina, musade nazo nkhawa kwambiri. Chipi cham'kati n'chimodzi. Kusiyana kuli pa phokoso la mafani, kuziziritsa ndi kutalika kwa khadi. Pa makhadi osadya magetsi ambiri ngati RTX 4060, imene imakoka mawati 115, ya mafani awiri yotchipa ndi yokwana. Kulipira zambiri chifukwa cha fani yachitatu n'kutaya ndalama, makamaka ngati mtengowo wayandikira wa khadi ya gulu lapamwamba.

Kodi 8GB ya memore ya graphics card ikukwanabe?

Pa 1080p ikukwana m'magemu ambiri, bola musakankhire zosankha zonse za chithunzi pa mlingo wapamwamba wa Ultra. Vuto lake limaoneka mwachilendo. Chiwerengero cha mafelemu pakona ya sikirini chimatha kuoneka chabwino, koma mukatembenuza kamera mwadzidzidzi chithunzi chimagwira kwa kamphindi, kapena khoma limene mwaliyandikira limakhala losaoneka bwino kwa masekondi angapo kenako n'kuyera. Chimachitika n'chakuti memore ya khadi yadzaza, ndipo gemu yayamba kusunga zina mu RAM ya kompyuta, kumene khadi imazifikira mochedwa kwambiri kudzera pa PCIe.

Mankhwala ake n'kutsitsa textures, zithunzi zokuta makoma ndi zinthu zina m'gemu, kuchoka pa Ultra kufika pa High kapena Medium, osati kutsitsa china chilichonse. Koma ngati mukugula lero khadi yoti mukhale nayo zaka zingapo, ndipo kusiyana kwa mtengo pakati pa 8GB ndi 12GB kapena 16GB mungakupirire, tengani yokulirapoyo. Pa 1440p ndiye musakambirane n'komwe. Chenjezo lina: RTX 4060 ndi RX 7600 zimagwiritsa ntchito mizere 8 ya PCIe, osati 16, kotero pa motherboard ya PCIe 3.0 kudzaza kwa memore kumapweteka kwambiri kuposa pa PCIe 4.0.

AMD kapena Nvidia?

Nvidia imatsogola pa ray tracing, njira yojambula kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, ndipo DLSS yake, imene imajambula timadontho tochepa n'kukulitsa chithunzi kuti mafelemu achuluke, imakweza chithunzi mooneka bwino. AMD kawirikawiri imapatsa memore yochuluka ndi mphamvu yambiri pa ndalama zomwezo, ndipo ili ndi FSR, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya DLSS. Pa makhadi a pakatikati ray tracing yolemera imagwetsa mafelemu kwambiri mbali zonse ziwiri, ndiye isakhale chifukwa chachikulu chosankhira. Yerekezani makhadi awiri enieni a mtengo wofanana m'magemu anu atatu aja.

Purosesa iti, ndipo ma core angati?

Ma core ndi tizigawo ta purosesa togwira ntchito patokha, ndipo ma thread ndi ntchito zimene timayendetsa nthawi imodzi. Ma core 6 okhala ndi ma thread 12 ndi okwana pa kompyuta yotereyi. Pali njira zitatu zodziwika.

Yotchipa ndi soketi (malo olowetsamo purosesa) ya AM4 ndi Ryzen 5 5600 ya AMD, motherboard ya B550 ndi RAM ya DDR4. Purosesayi imadya mawati 65 ndipo ya m'bokosi imabwera ndi choziziritsira chake. AM4 ndi soketi yakale, sipadzabweranso m'badwo watsopano, komabe pali poti n'kukwera: Ryzen 7 5700X3D ndi 5800X3D, zokhala ndi cache (memore yothamanga yam'kati mwa purosesa) ya 96MB, zimalowa pa soketi yomweyo ndipo m'magemu zimathamanga kwambiri.

Yachiwiri ndi Intel Core i5-12400F pa soketi ya LGA1700, ndi motherboard ya B660 kapena B760. Apa samalani, chifukwa motherboard za soketi imeneyi zilipo za DDR4 ndi za DDR5, ndipo iliyonse imalandira mtundu umodzi wokha.

Yachitatu ndi soketi ya AMD ya AM5, imene inatuluka mu 2022, ndi Ryzen 5 7600 pa motherboard ya B650. Imafuna DDR5 basi. Ndi yodulirapo poyamba, koma mudzatha kusintha purosesa m'tsogolo osasintha motherboard. Ngati kusankha AM5 kukukukakamizani kutsika gulu limodzi pa graphics card, khalani pa AM4. Ngati sikukukukakamizani, AM5 ndiyo yabwino.

Zilembo za kumapeto kwa dzina zili ndi tanthauzo. F ya Intel ikusonyeza kuti purosesa ilibe gawo lojambula zithunzi, choncho popanda graphics card simudzaona kalikonse pa monita. Ryzen 5 5600 nayonso ilibe. Ryzen 5 5600G ili nalo, koma cache yake ndi 16MB m'malo mwa 32MB ndipo imathera pa PCIe 3.0, ndiye ngati muli ndi graphics card yapadera 5600 wamba ndiyo yoposa. Ryzen 5 7600X sibwera ndi choziziritsira, pamene 7600 imabwera nacho, ndipo m'magemu kusiyana kwake n'kochepa.

Motherboard yotchipa ingachepetse mafelemu?

Kawirikawiri ayi. Motherboard yodula imakupatsani madoko ambiri a USB, mipata yambiri ya M.2 yolowetsamo SSD, Wi-Fi ndi zina, osati liwiro la gemu. Zoyenera kuyang'ana n'zochepa: soketi igwirizane ndi purosesa, mtundu wa RAM ugwirizane, pakhale mpata wa M.2 umodzi kapena iwiri, ndipo tizida toperekera magetsi ku purosesa, tija tili mozungulira soketi, tikhale ndi kachitsulo koziziritsa pamwamba. Ya micro-ATX imakhala yotchipa kuposa ya ATX ndipo pa graphics card imodzi simutaya kanthu.

Zotchipitsitsa zili ndi malire ake. A520 ya AM4 ilibe PCIe 4.0. H610 ya Intel silola kuthamangitsa RAM kupyola liwiro lovomerezeka la purosesa.

Msampha weniweni ndi BIOS, pulogalamu yam'kati mwa motherboard imene imayatsa kompyuta. Motherboard ya B450 imene inapangidwa Ryzen 5000 isanatuluke siizindikira purosesayo mpaka BIOS itasinthidwa. Mafani amazungulira, sikirini imakhala yakuda, ndipo munthu amaganiza kuti wagula chakufa. Motherboard zina zili ndi batani lakumbuyo, lotchedwa BIOS Flashback kapena Q-Flash Plus malinga ndi kampani, limene limalola kusintha BIOS ndi flash disk popanda purosesa yogwira ntchito. Ngati batanilo palibe, mufunika kubwereka purosesa yakale. Musanagule, tsegulani mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa tsamba la kampaniyo, muone nambala ya BIOS yofunika.

RAM ikhale yochuluka bwanji, ndipo ndiiike pati?

16GB ndiye poyambira. 32GB ndi yabwino ngati mumasewera magemu atsopano olemera uku Discord, pulogalamu yochezera, ndi masamba ambiri a intaneti ali otsegula. Kuposa apo simudzaona phindu m'gemu.

Chofunika kwambiri n'chakuti zikhale zidutswa ziwiri zogulidwa pamodzi, 2 za 8GB kapena 2 za 16GB. Chidutswa chimodzi cha 16GB chimagwiritsa ntchito njira imodzi yokha pa ziwiri zopitira ku purosesa, ndipo zotsatira zake ndi kudukizadukiza kwa chithunzi m'malo a gemu odzaza anthu. Pa motherboard ya mipata 4, zidutswa ziwirizo zimalowa mumpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera pa purosesa, yolembedwa A2 ndi B2. Kabuku ka motherboard kamatsimikiza zimenezi.

Pa DDR4 tengani ya liwiro la 3200 CL16 kapena 3600; nambala ya CL ikachepa, RAM imayankha msanga. Pa AM5, DDR5-6000 CL30 ndiyo imagwirizana bwino. Koma RAM siithamanga yokha pa liwiro lolembedwa pa paketi. Ikangoikidwa, DDR4 yambiri imayamba pa 2133 ndipo DDR5 pa 4800, mpaka mutalowa mu BIOS n'kuyatsa chosankha choithamangitsa chotchedwa XMP, kapena EXPO pa AM5. Anthu ambiri amakhala zaka ndi RAM yothamanga imene inangogona. Onani mu Task Manager ya Windows, pa gawo la Memory, liwiro limene likuoneka.

Poika, kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka kachitsekero kam'mbali katseke kokha ndi kaphokoso. Pamafunika mphamvu yoposa imene munthu woyamba kumene amayembekezera. DDR4 ndi DDR5 zili ndi kampata pamalo osiyana, ndiye ikakana kulowa musaumirize, onani kaye ngati ili yoyenera komanso ngati mwailozetsa bwino.

SSD ya PCIe 4.0 kapena 5.0 ndi yofunika?

Ayi. SSD ya SATA imafika pafupifupi 550MB pa sekondi, ya NVMe ya PCIe 3.0 pafupifupi 3500MB, ya PCIe 4.0 mpaka 7000MB, koma pa nthawi yotsegula gemu kusiyana pakati pa ma NVMe kumakhala kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kudumpha kwakukulu kuli pochoka pa hard disk kupita pa SSD iliyonse. Tengani NVMe ya 1TB, chifukwa magemu ena akuluakulu amapitirira 100GB imodzi, ndipo ya 500GB imadzaza musanakhutire. Ngati mitengo ikufanana, ya memore ya TLC imaposa ya QLC, imene imachedwa kwambiri mukamakopera mafayilo aakulu.

Power supply ya mawati angati, ndipo n'chifukwa chiyani simulola kuchepetsa ndalama apa?

Werengani motere. Ryzen 5 5600 ikagwira ntchito mwamphamvu siifika mawati 100. RTX 4060 imakoka 115, RX 6600 imakoka 132, RTX 3060 imakoka 170, RX 6700 XT imakoka 230, RX 7800 XT imakoka 263. Onjezerani mawati pafupifupi 50 a motherboard, SSD ndi mafani, kenako musiye mpata wokwanira pamwamba, chifukwa graphics card imatha kukoka mwadzidzidzi kuposa chiwerengero chake kwa kanthawi kochepetsetsa. Pa makhadi osapitirira mawati 200, 550W yabwino ndi yokwana. Pa okulirapo, 650W mpaka 750W.

Power supply ili ngati maziko a nyumba: saoneka, koma akagwa amagwetsa zonse zimene zili pamwamba pake. Yosadziwika dzina, yopepuka m'manja, yolembedwa 700W pa mtengo wokayikitsa, kawirikawiri siitha kupereka mphamvu imeneyo pa waya wa 12V, umene purosesa ndi graphics card zimadalira. Chizindikiro chake ndi kompyuta imene imayenda bwino pa intaneti koma imazima ngati mwaizula pakhoma gemu ikangofika polemera. Ikafa moipa imatha kupsereza motherboard ndi khadi.

Chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena Gold chimangonena za kuchuluka kwa magetsi amene amatayika ngati kutentha, sichilonjeza ubwino wa zam'kati. Yang'anani kutalika kwa waranti, zaka 5 kapena kuposa, ndipo fufuzani ngati mtundu weniweniwo unayesedwa ndi anthu odziyimira paokha. Ngakhale makampani odziwika ngati Corsair ndi Seasonic ali ndi magulu apamwamba ndi otsika.

Pa mawaya pali zinthu zitatu zopsereza zida. Waya wa mapini 8 wa purosesa umagawika 4 ndi 4, wa graphics card umagawika 6 ndi 2, ndipo sizisinthana. Mawaya ochotseka a power supply ina musawalumikize pa inzake ngakhale akulowa bwino, chifukwa kalumikizidwe kam'kati kamasiyana. Ndipo pulagi yatsopano ya mapini 16 imene ili pa makhadi ena a Nvidia iyenera kulowa mpaka kumapeto popanda kampata kooneka, apo ayi imatentha n'kusungunuka.

Kesi ndi kuziziritsa?

Sankhani kesi ya kutsogolo kwa timabowo, osati galasi lotseka. Mafani awiri a 120mm olowetsa mpweya kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo n'zokwana. Musanagule, yerekezani kutalika kwa graphics card ndi malo a m'kesi, komanso msinkhu wa choziziritsira purosesa ndi kufutukuka kwa kesi. Manambala onsewa amalembedwa m'mamilimita pa masamba a opanga, ndipo tsamba la intaneti la PCPartPicker limathandiza kugwira zosagwirizana zambiri.

Choziziritsira chobwera ndi purosesa ya mawati 65 chimagwira ntchito, kungoti chimasokosa. Cha nsanja imodzi chotchipa chimathetsa phokosolo. Ngati pansi pake papakidwa kale phala lotengera kutentha (thermal paste), musaonjezere lina. Ngati palibe, kadontho kamodzi pakati pa purosesa n'kokwana. Ndipo yang'anani kapulasitiki koonekera kamene kamamatidwa pansi pa choziziritsira chatsopano. Kakaiwalika, purosesa imakwera kupyola madigiri 90 mukangotsegula gemu.

Ndi zida ziti zimene ndingagule zogwiritsidwapo kale ntchito?

Purosesa, RAM, kesi ndi choziziritsira siziwonongeka wamba. Pa purosesa ya AM4 mapini ali pa purosesayo, ndiye ipendekeni poyera muone ngati mizere yonse ili yowongoka. Pa AM5 ndi LGA1700 mapini ali mu soketi ya motherboard, ndipo n'chifukwa chake motherboard yakale ya mitundu imeneyi imafuna diso lakuthwa: pini imodzi yopindika imaoneka ngati kadontho kowala mosiyana ndi anzake, ndipo ikhoza kupha mpata wa RAM.

Graphics card yakale ndiyo imapulumutsa ndalama zambiri, koma musalipire musanaione ikugwira ntchito. Tsegulani pulogalamu ya GPU-Z mutsimikize kuti chipi ndi memore zikugwirizana ndi dzina, chifukwa pali makhadi achinyengo osinthidwa dzina. Kenako iyendetseni pa gemu yolemera kapena pulogalamu yoyesera khadi ya FurMark kwa mphindi 15 mpaka 20. Timadontho tamitundu, mizere yodutsa pa chithunzi, fani yokhuluza kapena sikirini yozima n'kuyakanso n'zokwanira kuti muisiye. SSD yakale iyeseni ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone thanzi lake ndi kuchuluka kwa zimene zinalembedwapo. Power supply yakale musagule.

Ndingadziwe bwanji kuti purosesa ikubweza m'mbuyo graphics card?

Ikani pulogalamu ya MSI Afterburner muzionera manambala muli m'gemu. Graphics card ikamagwira ntchito pa 95 mpaka 100 peresenti, zili bwino, ndiye kuti mukudya zonse zimene munalipira. Ikamakhala pa 60 kapena 70 peresenti mafelemu ali ochepa, ndipo simunaike malire a mafelemu kapena kuyatsa V-Sync, imene imaletsa mafelemu kupyola liwiro la monita, chikuichedwetsa ndi purosesa kapena RAM. Musanyengedwe ndi purosesa yoonetsa 40 peresenti: gemu ikhoza kudzaza core imodzi kapena ziwiri pamene zina zikupuma. Njira ina yachidule n'kutsitsa resolution, kuchuluka kwa timadontho tija. Mafelemu akapanda kukwera, vuto silili pa khadi.

Ndamanga, ndayatsa, koma pa monita palibe chithunzi. Ndiyang'ane chiyani?

Choyamba, waya wa monita. Uyenera kulowa pa graphics card, m'madoko opingasa a m'munsi, osati pa motherboard. Chachiwiri, RAM: zimitsani, zulani pakhoma, chotsani zidutswa zonse, bwezerani chimodzi mu A2 n'kuyesanso. Chachitatu, waya wa mapini 8 wa purosesa, umene uli pakona yam'mwamba ya motherboard ndipo umaiwalika kawirikawiri, pamodzi ndi waya wa magetsi a khadi. Motherboard zambiri zili ndi timagetsi 4 tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene kakhala koyaka kakukulozerani pamene pavuta.

Pa AM5 khalani odekha. Ulendo woyamba motherboard imayesa RAM, ndipo sikirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi zingapo kagetsi ka DRAM kali koyaka. Musaizimitse pakati.

Chithunzi chikabwera, lowani mu BIOS muyatse XMP kapena EXPO ndi Resizable BAR, komanso muone kuti fTPM ya AMD kapena PTT ya Intel ndi yoyaka, popeza zimenezi ndizo zimapereka chitetezo cha TPM 2.0 chimene Windows 11 imafuna. Mukaika Windows ndi madiraiva a khadi, pitani mu Settings ya Windows pa Advanced display musinthe liwiro la monita. Monita ya 144Hz kawirikawiri imayamba pa 60Hz ndipo imakhala pomwepo mpaka mutaisintha nokha.